Kapu ya m'Chombo Chomira

Tinatsika Khwekhwelere m'mamawa,
makutu akutsekeka pa kona iliyonse,
ine mwana wa kumapiri, wodziwa chifunga ndi kachewere,
amene madzi ozama kwambiri pamoyo wanga
anali a m'diramu la kuseri kwa nyumba.

Ku Golomoti tinasiya tala.
Dzuwa la teni koloko linali litayamba kale mwano.

Yotamu anandibereketsa botolo la mpweya
ngati mwana wa eni, wolemera, wosalira.
"Lavulirani m'galasimo, achemwali, kenako mutsuke.
Mukaona chokongola, chioneni basi.
Manja akhale pachifuwa."
Ndinaseka. Ine woumba makapu ku Dedza,
zaka khumi ndi zinayi dothi lili m'zikhadabo,
undiuze za manja?

Ena amati chinkanyamula thonje, ena mpunga.
Onse amagwirizana za mwera wa usiku umodzi,
ndi zoti anthu anatuluka amoyo
kupatula mbuzi ziwiri
zomwe mwini wake anazilira mpaka ukalamba.

Phuvu!
Dziko lonse linatseka pakamwa.
Ndinamva mpweya wanga wokha
ukukwera m'mwamba, mikanda yothothoka pa ulusi.

Sipozama ayi.
Kusanjika amuna atatu, wachinayi angapume.
Chagona chammbali
ngati ng'ombe yotopa ndi ngolo,
nthiti zachitsulo zitavala ndere,
dzimbiri likusenda dzina lake pang'onopang'ono
mpaka kwatsala zilembo ziwiri
zosatchula munthu aliyense.

Mbuna zabuluu zimalowa pawindo
popanda odi.
Pomwe pankaima woyendetsa
pali kampango wandevu, wosatekeseka,
akundiyang'ana ngati ndabwera kudzapempha ngongole.
Unyolo wa nangula ukulowa mumchenga,
sindikudziwa ukuthera kuti.

Ndiye ndinaiona:
kapu yadothi, yokanirira pakati pa zitsulo,
mlomo wobenthuka, chogwirira chilipobe.
Pansi pa chogwirira, pamene woumba amakanikiza
kuti dothi ligwirane ndi linzake,
panali kadzenje ka chala chachikulu.
Ndimakadziwa kadzenjeko.
Ndimakasiya kasanu ndi kawiri tiyi asanakwane.

Dzanja linachoka lokha pachifuwa.

M'kapumo munatuluka kansomba kotuwa,
masaya otupa ngati kakubisa chinangwa,
kanazungulira chala changa kamodzi,
nkulavula ana.
Timadontho tamoyo, makumi angapo,
tinamwazika, tinaona mthunzi wanga,
nkuthamangiranso m'kamwa mwa mayi wawo.

Yotamu sanandigwire.
Anangogogoda botolo lake kawiri,
nkundionetsa kawotchi ka mpweya.

Pamwamba, bwato linali kununkha petulo ndi usipa.
Mano anali kugundana, dzuwa likuswa mtengo.
"Mwatengako chiyani?" anafunsa, akudziwa.
Ndinatambasula manja: madzi okha,
zala zitakwinyika ngati mfutso,
zikhadabo zoyera koyamba chikwatiwire.

Lolemba ndinabwerera ku gudumu langa,
mphepo ya m'phiri ikulowa pansi pa chitseko.
Kapu yoyamba inapindika, ndinaiphwanya.
Yachiwiri ndinaimata chogwirira,
nkukanikiza chala mozama kuposa masiku onse.
Abiti Sumani, amene amayang'ana zolakwika,
anaitembenuza, anaiunika pawindo.
"Apa mwaonjeza," anatero.
Ndinati isiyeni choncho,
sitidziwa amene adzamwere.