Mizere Itatu

Anandipatsa cholembera chifukwa ndine mphunzitsi,
akuti zolemba zanga zimawerengeka.
Tinakhala m'kalasi ya Sitandade 6, kuseri kwa Mitundu,
akuluakulu titapinda mawondo m'madesiki a ana,
choko cha dzulo chikadali pabolodi:
magawo a duwa.

Alendo a zamagetsi anabwera atatu kuchokera m'tauni,
fumbi la msewu lili m'nsidze.
Anamata mapu pamwamba pa duwa lija.
Mudzi wathu panalibe.
Panali mzere wofiira wodutsa pamalo oyera,
ndipo poyerapo ndi pomwe tinakhala ife.

"Tabwera kudzamva maganizo anu,"
anatero wamng'ono mwa iwo, mtsikana wa magalasi,
mwaulemu ndithu, sindinganame.
Pepala lomwe anandipatsa linali ndi mizere itatu
pansi pa mawu akuti Ndemanga za Anthu.

Anayamba Lufeyo wokonza njinga.
Felemu ikathyoka amaikweza pangolo mpaka ku Mitundu,
tsiku lathunthu kuthera moto wa mphindi zisanu.
"Mawaya anu akuluakulu aja amadutsa pamwamba pa shedi yanga.
Mvula ikamawaza amalira ngati njuchi.
Magetsi ndimawamva ine, zaka khumi tsopano.
Kungowamva."

Namwino Esinala sanayankhule msanga.
Anatulutsa foni, nayendetsa desiki ndi desiki
kuti aliyense aone zipsera m'mbali mwake.
Ndi mano ake.
Usiku amailuma kuti tochi iwunike,
manja onse awiri ali pa mwana amene akubadwa.
"Sola ilipo padenga la chipatala.
Batire inafa chaka chachiwiri,
amene anaika anapita ndi nambala yake yomwe.
Musatipatsenso chinthu chopanda wochikonza.
Tengani mwana wa pompano mumuphunzitse."

A Gelesomu anaima ndi chipewa m'manja:
"Mwati dzuwa n'laulere. Ndavomera.
Koma pomwe mukufuna kulitchera msampha
ndi padimba langa la mpiru.
Kodi dimbalo nalonso n'laulere?"

Kenako Nasibeko wa makala, ali pakhomo,
poti m'kati anati mukutentha:
"Mumati ndife tikumaliza Dzalanyama.
Matumba anga amakwera njinga usiku
kupita kwa inu komweko, ku Area 25, kwa Chinsapo,
magetsi anu akazima.
Ndiye mukamakonza, mukonze konsekonse,
mundiuzenso chomwe ndizigulitsa."
Anthu anaseka.
Kenako kunangoti zii, mpaka tinamva mbuzi panja.

Ine mizere itatu ija inatha pa Lufeyo.
Ndinalemba m'mphepete, ndinatembenuza pepala,
ndinang'amba masamba m'kope la mwana wina
lomwe linaiwalika m'desiki,
masamu ake olakwa ali kuseri.

Wamkulu wa alendo anayang'ana wotchi.
"Aphunzitsi, mungofupikitsa. Mulembe kuti anthu akufuna magetsi."
Ndinamufunsa kuti ndifufute mano a Esinala
kapena mpiru wa a Gelesomu.
Sanayankhe. Anaitanitsa Fanta ndi mabanzi.

Koma mtsikana wa magalasi uja
anatola masamba onse asanu ndi awiri,
nawajambula limodzilimodzi ndi foni yake,
nafunsa Esinala kalembedwe ka dzina lake lachiwiri.
Asanamatule mapu anabwereka cholembera changa,
naika kadontho pamalo oyera paja.
Kakang'ono. Ngati chitosi cha ntchentche.
"Pano pamatchedwa chiyani?"
Tinayankha tonse pamodzi ngati ana.

Galimoto inapita. Miyezi inayi tsopano.
Sindikudziwa kuti masamba aja ali m'kabati ya ndani,
kapena akulungira zitumbuwa ku Mchesi.
Lufeyo akadakwezabe mafelemu pangolo.
Usiku uno ndikuchonga mayeso ndi kanyale ka mabatire
kamene kayamba kufiira,
ndipo mwana wa kope lija wandilembera m'munsi mwa yankho lake:
Aphunzitsi, masamba anga adzabwera liti?