Mzere Umodzi

Fomu yopemphera tchuthi yandisiyira mzere umodzi
pamene alemba kuti Chifukwa.
Cholembera chili m'manja. Ndiyambire pati?

Ndilembe kuti folo koloko m'mawa,
tambala wa kwa Nasibeko asanalire,
ndimasintha matewera awiri,
laling'ono la Tiyese, lalikulu la bambo anga,
wina akuseka n'kuponya timiyendo,
wina atatembenukira kukhoma?

Kuti bambo, amene anayendetsa basi ya ku Mchinji
zaka makumi atatu osagunda ngakhale mbuzi,
lero asochera popita kuchimbudzi?
Amandifunsa makiyi.
Ndinawagulira akale mu msika wa Tsoka,
osatsegula chitseko chilichonse.
Amagona atawafumbata.

Pa siteji ya Chinsapo ndimafika bulauzi itanyowa kale.
Kondakitala akuti m'modzi yekha, m'modzi yekha,
pa mlatho magalimoto aima ngati mzere wa chimanga,
ndipo ndikamasaina buku
a Chikuse adula kale mzere wofiira pamwamba pa dzina langa.

Foni ikanjenjemera m'thumba ndimaombeza ndisanaione.
Lachiwiri anali a ku mkombaphala: mwana watentha thupi.
Lachinayi Nasibeko: madala atuluka,
awapeza pa msewu wa ku Likuni
akuitanira anthu a ku Namitete kuti akwere,
malo alipo kumbuyo.

Achimwene ku Joni amatumiza mawu: limba mtima, mlongo.
Ndinapita nawo mawuwo ku famase,
anati mankhwala a kuthamanga kwa magazi sagulitsa choncho.

Nanga za dzulo zikwana bwanji pa mzerewu?
Ndinakawodzera pa mpando nsapato zili kuphazi.
Podzidzimuka ndapeza Tiyese watenga supuni,
akuuzira phala monga ndichitira ine,
akuti agogo, nenani aaa.
Bambo anameza, nandiyang'ana nthawi yaitali.
Mayi, mwanayu ngwanu?
Mumulere bwino, ali ndi ulemu.

Ndalemba liwu limodzi: Zapakhomo.

A Chikuse awerenga, avula magalasi, apukuta ndi nsonga ya mpango.
Foni yawo nayo ikunjenjemera pa tebulo,
aiyang'ana, aitembenuza chafufumimba.
Chidindo chagwa.
Theka la tsiku, akutero osandiyang'ana,
thu koloko mukhale mutabwerako,
inenso ndili ndi kopita.