Utsi Wosanunkha

Zaka makumi atatu ndi chimodzi
makiyi a labotale akulira m'thumba mwanga
kuno ku Kutaisi, kutsidya kwa mtsinje wa Rioni.
Ine Gocha, wosunga mawaya,
wodziwa fyuzi yakufa pongoiyang'ana,
womva fungo la mota ikamapsa
wophunzira asanakweze n'komwe dzanja.

Chaka chatha anabweretsa labotale ina,
yopanda chitseko, yopanda fumbi,
yolowera ndi mawu achinsinsi.
Tebulo lili pagalasi la kompyuta, mita ili pomwepo,
mawaya ofiira umawakoka ndi kambewa.
Ukalakwitsa, kautsi kojambula kamati tolo,
kenako batani limafunsa mwaulemu:
Muyambirenso?

M'masiku anga kulakwitsa kunali ndi mtengo,
malari makumi awiri
ndi kalata yopita kwa mkulu wa dipatimenti.
Taonani chipsera ichi pachala chamanthu:
anandisainira ndi magetsi,
ndipo sanafunse ngati ndiyambirenso.

Ndinanyinyirika.
Ndinauza Mayi Kvirikadze, mphunzitsi wa za maloboti,
kuti utsi wosanunkha suphunzitsa munthu mantha.
Iwo anangomwetulira, nandipatsa ntchito yatsopano:
kuyang'anira mndandanda wa olowa usiku.

M'menemo ndi momwe ndinamupeza Tamta.
Kwawo n'kumapiri a Racha,
kumene chipale chofewa chikatseka msewu
basi imaiwala kuti kuli anthu.
Pakati pa usiku dzina lake ngwee pamndandanda.
Mkono wa loboti unyamula kabokosi,
kabokosi phi! pansi.
Asintha nambala imodzi. Phi!
Kakhumi. Kamakumi awiri.
Netiweki ithawa, ibwerera ikutsimphina,
iye akadali pomwepo.
Ulendo wa makumi anayi ndi chimodzi
mkono unatsika pang'onopang'ono
ngati wopereka mkate kwa mlendo,
kabokosi kanakhala phee.

Ine ndekhandekha kukhitchini, tiyi atazizira kalekale,
ndinangozindikira ndawomba m'manja.
Kenako ndinachita masamu amene sanandikomere:
m'chipinda changa chija
ndikanamuthamangitsa pa ulendo wachitatu.

Chipale chitasungunuka anabwera,
nsapato zili matope okhaokha.
Ndinatsegula kabati imene anati nditaye,
ndinatulutsa mota yeniyeni, yolemera ngati kankhumba,
chitsulo chowotcherera, ndi kamtovu kotsala.
Njira ya magetsi ankaidziwa ngati njira ya kwawo,
koma manja njenjenje,
pakuti mkuwa ndi wouma khosi,
supita kumene chala chaloza.
Mtovu unamudonthera pakhungu.
Sanalire. Anayamwa chalacho nati,
"Kani zimawawa chonchi?"
Ndinati inde, ndipo mawa zidzatupa.

Mbali imodzi analumikiza iye, inayo ine.
Tinayatsa.
Mota inang'ung'udza, ine manja m'thumba, kudzimva.
Iye mphuno m'mwamba:
"Bambo Gocha, pakumveka kafungo,
ngati ketulo ya amayi ikaiwalika pakhoma."
Ine sindinamve kanthu.
Mphuno imene ndinkanyadira ija
inapuma pantchito osanditsanzika.

Anathimitsa switchi, natsata mawaya ndi diso
monga ankachitira pagalasi usiku wonse uja,
chala chopsacho chinaima pamalo amodzi.
Wabuluu ndi wofiira anasemphana.
Mbali yake inali bwinobwino.
Inali mbali yanga.

Sananene kanthu, nanenso sindinanene.
Panalibe batani loti litifunse,
ndiye ndinadzifunsa ndekha, chamumtima,
n'kumupatsa sikuludiraiva.

Madzulo ndinalembera opanga pulogalamu.
Ndinati: kabokosi kakagwa, kazimveka mokweza,
ndipo mawaya anu ndi omvera kwambiri,
aumitseniko khosi pang'ono.
Za fungo musavutike,
limenelo tili nalo kuno,
chipinda nambala 14, Lachinayi masana,
kwa aliyense amene msewu wamutsegukira.
Abwere ndi mphuno yake.
Makiyi ndikadali nawo.