Mamita Awiri

Lenzi ya amalume Yotamu ndinaipeza mu sokosi,
sokosi ili m'chitini cha mabisiketi,
pamodzi ndi malisiti a lendi
ndi kiyi wa njinga imene inabedwa ndisanabadwe.
Yolemera ngati mwala wonolera mpeni.
Chakumphepete kwa galasi nkhungu inamera timizu,
mapu a mitsinje ya dziko la eni.

Kamera yanga ndi yadzulodzuloli, yopanda kalilole m'mimba,
ngongole yake sinathe.
Imapeza yokha diso la munthu, ngakhale la galu.
Awiriwa sakanakwatirana popanda nkhoswe:
kamphete kachitsulo kanabwera pa basi ya ku Lusaka
nditadikira masabata atatu.
Nditalumikiza, kamera inalemba kuti palibe lenzi.
Mkamwini wakhala pakhonde,
apongozi akuti sitikuona munthu.

Loweruka ku Kapata ndinaona manyazi.
Wanjinga wa matumba anayi a makala anadutsa
ine ndikupotokolabe;
ndinatsala ndi utsi wa munthu
ndi chikwangwani cha butchala, chooneka bwino mpaka nambala ya foni.
Amake Tisauke, ogulitsa nsawa, anafunsa:
"Iwe, ukujambula kapena ukutsegula botolo la achali?"
Zithunzi makumi asanu ndi limodzi.
Zabwino zinayi.

Koma chala chinamva zimene maso sanaone.
Mphete ndi youma ponseponse, mafuta ake anagwirana ngati phula,
kupatula pamalo amodzi
pamene imafewa n'kukhala pansi yokha,
pamene utoto wa manambala unafufutika:
mamita awiri.

Zaka makumi atatu pansi pa mtengo wa mango, kufupi ndi boma,
nsalu yopachikidwa pa misomali iwiri,
a ku Chadiza, a ku Vubwi, a ku Mwami,
ofuna chithunzi cha reji, jekete imodzi yobwerekana,
onse anaima pa mtunda womwewo,
pamene mlendo amaima popereka moni
asanadziwe ngati ampatsa mpando.

Ndinapita nayo ku Mchini, kumene amalume akhala tsopano
ndi ng'ala m'maso onse awiri.
Mapiri anali atabisala mu utsi wa lupsa.
Anailandira ndi manja awiri, naiyesa kulemera.
"Thupili n'lopepuka ngati buledi wa masiku ano.
Filimu umalowetsa pati?"
Ndinaseka. Iwo sanaseke.
Chala chawo chachikulu chinali chitafika kale kwawo.
Anazunguliza kamphete ka kuwala,
ke, ke, ke,
kuwerenga ndi khutu.

"Ima pa mapazi angawa. Bwerera m'mbuyo.
Kamodzi. Kawiri. Katatu. Basi.
Kweza chibwano.
Usamwetulire, aboma safuna mano."

Anadina, nadikira kugunda kwa kalilole,
kuja kunkauza dzanja kuti ntchito yatha.
Kunali zii. Nkhuku yokha kuseri kwa bafa.
"Yajambula?"
"Yajambula."
"Ngati wakuba."

Ndinayang'ana pa kagalasi kakumbuyo.
Dziko lonse lapendekeka,
khutu langa limodzi latsala kunja,
chingwe choyanikira zovala chandidula pamutu,
Mchini yense wasungunuka n'kuzungulira ngati thobwa lotakasidwa.
Koma nsidze zikuwerengeka imodziimodzi,
ndi chipsera cha tsiku lija ndinagwa mu mtengo wawo wa mango,
ndi m'kati mwa diso langa
kamunthu kokhala pa mpando, katanyamula kanthu kumaso.

"Chatuluka bwanji?"
"Chapendekeka, amalume."
"Sindinafunse za khoma. Maso?"
"Maso ali bwino."

Anapukuta lenzi ndi nsonga ya malaya,
zimene ine ndimaletsa aliyense,
nandibwezera osatembenuka,
nkhope ili kumsewu, kwa wotsatira pa mzere.
"Ubwere Lachinayi," anatero,
"udzatenge chikauma."