Kutsika Khwekhwerere

Galimoto yanga imagwada pa kona iliyonse
ngati mkamwini wolonjera apongozi,
phewa lina pansi, lina m'mwamba,
ndipo kumbuyoko mazira a Nangozo
amagogodana mitu m'matileyi.
Lachiwiri lapitali tinafika pa Golomoti
makumi anayi ataphwanyika.
Anawerenga yekha, osakweza mawu,
kenako anapukutira zala pa mpando wanga.

Ndiye ndili pano, kuseri kwa depoti ya Dedza,
m'galaja ya Kadammanja
momwe mphepo ya Juni imalowa osaodira.
Wayala katundu pa katoni
ngati wamalonda wa pa Lizulu:
makoilova ofiira, masipuling'i atakulunga mashoko,
ena akuda, ogwirapo kale ntchito ku Joni,
ndi zitsulo ziwiri za sitabilaiza,
china chowonda ngati bango,
china ngati mpini wa kambwiri.

Ganizo, mwana wa mlongo wanga,
maso ali tong'o pa ofiirawo.
"Malume, itsitseni mpaka inyambite tala,
a pa Bembeke athyoke makosi poicheukira."
Kadammanja akulavula kamtengo ka machesi.
"Mahampu a mumsewu udzawasenza ndiwe?
Nanga wa ku Kanyama, dzinja likaulima?"

Akupotokola mphete ndi sipanala yokhota kamwa:
uku ikwera, uku itsika,
apa mpofewetsera.
"Ukaumitsa kwambiri
kamwala kalikonse udzakamva m'mano,
mazira adzasweka msewu uli chiwongokere.
Ukafewetsa, wabwerera komwe wachoka."

Nanga chitsulocho?
Wagona kale chagada pa thumba la feteleza,
mawu akutuluka kunsi kwa galimoto:
"Ichi chimamanga mwendo uno ndi uwo
kuti wina akalemedwa, mnzake amve.
Chonenepa kutsogolo, mphuno ichita makani,
iwe ukhota, iyo ifuna kuphompho.
Chonenepa kumbuyo, chiuno chivina chokha
ng'oma isanalire.
Sankha. Ndalama ndi zako,
phomphonso ndi lako."

Ndikuwerenga m'thumba ndi zala zouma ndi chisanu.
Muli kachewere yense wa chaka chino,
muli fizi ya Siliya ya teremu ikubwerayi.
Ofiira aja akundikodola
ngati chiwaya kwa munthu wosadya chidzukire.
Ndikuloza akudawo.
Chowondacho chipite kumbuyo,
kutsogolo mabushi atsopano basi.
Itsike zala ziwiri, osapitirira.

"Zala ziwiri!" Ganizo watsonya,
watuluka kukaothera dzuwa pa mulu wa matayala.
Kadammanja sakuyamikira, sakutsutsa,
akungoitanitsa jeke.

M'bandakucha, pa Masasa,
nkhungu yameza chikwangwani.
Ndikusiya msewu waukulu, giya yachiwiri,
kona yoyamba ikubwera ngati ngongole.
Phewa langa lakonzeka kale kugwada,
thupi lapendekeka lokha mwachizolowezi,
koma galimoto yakana.
Yaima pa miyendo inayi,
yazungulira thanthwe ngati ikulidziwa dzina.

Yachiwiri. Yachitatu, ija ya mtengo wopserera
pomwe lole ya simenti inasiya galasi.
Kumbuyo kuli zii.
Ndikumva kabampu kamene kale sindinkakamva,
kakundigogoda pamsana pang'ono,
mtengo wake ndi umenewo.
Nangozo wasiya chogwirira cha pamwamba pa chitseko,
dzanja lake latera pa bondo,
likuyang'anabe pogwira.

Pansi, kutentha kwa kuchigwa kwatilandira,
tavula majuzi pansi pa mlambe.
Akutsegula buti, akukweza tileyi ndi tileyi,
milomo ikuyenda.
Ndikudikira ngati wa sitandade eyiti pa wailesi.

"Atatu," akutero.
Akundiyang'ana, akuyang'ana tayala,
ndi mpata wa zala ziwiri umene unachoka.
"Ndi zitsulo zakozi,
kapena lero wangoyendetsa mwamantha
poti fizi ya mwana ili kunsi kwa galimoto?"

Sindikuyankha.
Ndikumwa dzira limodzi long'alukalo, laliwisi,
ndikuyang'ana phiri lomwe tikwere madzulo
opanda katundu.