Zaka Makumi Atatu

Chikwangwani anachikhoma Lachiwiri,
pafupi ndi pomwe Abiti Lifa amakazingira zitumbuwa.
Pali chithunzi cha mlatho woyera ngati mkanjo wa pa Idi,
magalimoto anayi, kamtambo kamodzi.
Njinga palibe.
Ndinatsika, ndinayang'ananso. Palibe.

Ndine Twaibu, wa kabaza pano pa Mangochi.
Mlatho wakalewu ndimaudziwa ndi msana wanga:
pomwe chitsulo chimati gwede,
pomwe phula linang'ambika mpaka madzi kumaoneka pansi,
pomwe ndimauza wokwera kuti gwiritsitsani mazirawo.
Lole ya chimanga ikamadutsa tonse timavina osafuna.
Ndiye musandiuze kuti watha.
Ndinadziwa kalekale,
a zipewa zachikasu asanabwere ndi zoyezera zawo.

Kumsonkhano anatipatsa mabanzi awiriawiri.
Mkulu wa tayi, thukuta lili kamukamu,
anati thumba la boma ndi lobooka
choncho boma lapeza bwenzi.
Bwenzilo limanga ndi ndalama zake,
ife tizilipira powoloka, pang'onopang'ono,
zaka makumi atatu,
kenaka mlatho udzakhala wathu.
Anati uli ngati ukwati. Tinaomba m'manja.
Che Bwanali, osoka nsapato kuseri kwa mzikiti,
anakweza dzanja lakuda ndi polishi:
za ukwati tamva, nanga ankhoswe ndani?
Akadzayambana, ife ana tikagogode khomo liti?
Wa tayi anaseka, analemba kenakake,
chimkuzamawu chinalira, nthawi inatha.

Usiku ndinachita masamu pa katoni ya sopo.
Ndimawoloka kakhumi ndi kanayi patsiku,
kukagwa maliro kutsidya, kuposa apo.
Akuti njinga mwina sizizilipira.
Mwina sagulira tchubu.
Asiyatu wanga ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi,
mano akutsogolo angoguluka kumene.
Tsiku lodzatipatsa makiyi
iye adzakhala akuzula imvi yoyamba pagalasi,
ine mawondo atatha,
kapena nditagona kale, nkhope yoloza ku kibula.

Koma ndisaname.
Usiku umene mayi ake matenda anayamba,
apolisi anali atatseka njira,
tayala la lole litatitimira pa dzenje lomwe lija.
Ambulansi inaima kutsidya, nyali zikungozungulira.
Ndinawakhazika pa kaliyala
n'kukankha wapansi, mvula ili pamsana,
mtsinje ukulira pansi pa mapazi athu,
iwo atandigwira kolala mpaka batani kuthothoka.
Usiku umenewo munthu akanatambasula dzanja n'kuti lipira,
ndikanapereka njinga, malaya,
ndikanasaina ngakhale zaka zana osawerenga.

Ndiye mtima wanga uli ndi magombe awiri
ndipo pakati pake sipanamangidwe kanthu.

Sabata ino ayamba kugumula.
Eni mabwato akupaka utoto, akumwetulira okha.
Mphwanga Kassimu walembedwa yonyamula zitsulo,
amabwera madzulo atayera ndi simenti mpaka nsidze,
akuti kapitawo amawerenga ngakhale misomali yopindika.
Abiti Lifa auzidwa kuti asunthe chiwaya;
afunsa kuti apite kuti, ayankhidwa kuti nkhaniyo ili ku ofesi.

Dzulo ndinatola nati imodzi m'fumbi,
yadzimbiri, yolemera ngati mwala wa pasikelo.
Sindinapemphe kwa boma, sindinapemphe kwa bwenzi lake.
Ndinangoiponya m'thumba.
Asiyatu waisandutsa ya phada.
Akuiponya m'mwamba, akukokolola timiyala, akuiwakha,
ndipo osandiyang'ana n'komwe akufunsa:
ababa, watsopanowo udzakhala wa ndani?

Wako, ndikutero.

Nanga bwanji tizilipira?

Ndikupopa tayala lakumbuyo.
Ndikupopabe, ngakhale lalimba kale.