Nkhokwe Zopanda Chimanga

Milungu itatu ndinali kumanga nyumba m'foni.
Usiku, ku Mchini, malaiti atathima,
batire ikulira njala,
ine ndili kalikiliki kusankha mtundu wa foda ya soya:
wobiriwira ngati tsamba lake, kapena wachikasu ngati njere?

Pulogalamu yoyamba ndinaitaya poti inalibe mitundu.
Yachiwiri inkalirira netiweki ngati khanda lofuna bere.
Yachitatu ndiyo inandigwira mtima:
zipinda m'kati mwa zipinda,
timizere tolumikiza mlimi ndi munda wake,
munda ndi mvula, mvula ndi mtengo wa feteleza ku Kapata,
ukonde wa kangaude weniweni,
ndipo ndinkaonetsa anzanga ku ofesi ya zaulimi
ngati munthu amene wangokhoma malata atsopano.

Tikambenji sanacheuke n'komwe.
Iye ali ndi tsamba limodzi basi,
lija umalipeza kale m'foni pogula,
lalitali ngati msewu wa ku Lusaka.
Pamwamba tsiku, pansi zimene wamva.
"Moti ulibe ndi mitu yomwe?" ndinamufunsa.
"Mutu ndili nawo umodzi, uwu uli pakhosiwu,"
anatero, nkuliza njinga yamoto.

Lachinayi tinali ku Chiparamba.
Mai Shawa anatiimika m'mphepete mwa munda wa nsawa,
dzanja lina m'chiuno, lina likuloza mzere wachitatu.
Masamba anayamba liti kukwinyika,
mbali ya kuchulu yokha,
mbewu anakatenga kwa mlamu wawo ku Vubwi,
nsabwe zinafika itadula mvula ya Januwale,
mawu akuthamanga ngati Lunkhwakwa atadzaza.

Ine chala m'malere.
Izi zipite ku Matenda? Ku Nsawa? Ku Chiparamba?
Kapena nditsegule chipinda chatsopano cha Mai Shawa,
nanga chikhale cha mtundu wanji?
Pulogalamu inandifunsa ngati ndifuna chikombole cha ulendo wakumunda.
Ndinati inde. Inati dikirani.
Kagudumu kanazungulira, kuzungulira,
ndipo pomwe kamaima
mai aja anali atafika kale pa mlandu wa mbuzi za aneba.

Tikambenji anali ndi mizere isanu ndi umodzi,
yopanda zilembo zazikulu, mawu ena opunduka,
koma Vubwi alimo, chulu chilimo.
Pobwerera ndinakhala duu kumbuyo kwake
mpaka tinadutsa pachipata cholowera m'tauni.

Musaganize kuti tsamba lakelo ndi mngelo.
Sabata yatha abwana a Njobvu anafuna maina
a onse amene nsawa zawo zadwala chaka chino.
Tikambenji anapalasa foni ndi chala mpaka tiyi kuzizira,
poti pena analemba nsawa, pena mtedza,
pena anangoti za amai aja a duku lofiira.
Anatukwana chapansipansi.
Ine ndinadina kamodzi kokha.
Zonse zinatuluka zili ndondondo, zaudongo, zamitundumitundu:
alimi anayi.
Anayi okha ndiwo ndinalemba mwezi wathunthu.
Iye, thukuta lili kamukamu, anapereka makumi atatu ndi mmodzi.

Ndinamanga nkhokwe khumi ndi ziwiri,
ndinazimata bwino, ndinazifolera,
chimanga ndinachisiya kumunda, chiswe chikudya.

Tsopano ndasiya zipinda ziwiri, Lero ndi Zakale.
Ndimayamba ndalemba, kusanja kumabwera Loweruka,
Loweruka likakumbukika.
Tikambenji naye wagonja pang'ono:
wasankha kuti nsawa ndi nsawa, mtedza wausiyira a ku Mchinji.

Koma usiku malaiti akathima chala chimandiyabwabe.
Dzulo mnyamata wokonza mafoni pafupi ndi siteshoni
anandinong'oneza za pulogalamu ina,
yoti imasanja yokha, iwe uli mtulo.
Ndinayamba kuitsitsa, ndisaname.
Inafika theka, bandulo inatha.
Tikambenji sindinamuuze.